Galasi la a Musakhudze

Mwana wawo atawauza kuti asadzamujambule pa tsiku lake lolandira dipuloma ya unamwino, a Musakhudze anaika supuni pansi n'kuyang'ana akazi awo ngati kuti akaziwo ndi amene alankhula.

"Wati chiyani ameneyu?"

"Mwamva," anatero akazi awo, osadzutsa n'komwe mutu.

"Ndati pali wojambula amene anzanga apangana naye, ababa," mtsikanayo anabwereza. "Inu mudzangotchena, mudzakhale pampando ngati makolo ena onse."

Ngati makolo ena onse! Munthu amene anajambula theka la tauni, kuyambira makanda mpaka nkhalamba, akakhale pampando manja ali pamaondo, mlendo akuuza mwana wawo kuti tayang'ana kuno? Mtima wawo unatentha mpaka makutu analira. Mwanayo anali mzime, ndipo ndi yekhayo amene anafika patali ndi sukulu. Chithunzi cha tsiku limeneli anali atachijambula kale m'mutu mwawo kambirimbiri, ndipo ankadziwa ndi mbali yomwe dzuwa lidzakhale.

"Chifukwa?"

"Zithunzi zanu zimatuluka mbuu, ababa. Munthu amaoneka ngati waima mu utsi. Vuto ndi galasi lanu lija. Aliyense akudziwa kupatula inu."

Anadzuka osamaliza kudya, ndipo chitseko chinamva ukali wawo.

Dzina loti a Musakhudze sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi ana a sukulu omwe ankawajambula, chifukwa mwana akangotambasula chala kuloza kamera, mawu ankatuluka amodzi okhawo. Anali wojambula wa mumsewu, wopanda situdiyo, wopanda chikwangwani. Malo awo anali pakhonde la sitolo ya nsapato, moyang'anizana ndi pokwerera mabasi, pomwe ankapachika nsalu ya buluu pamisomali n'kuikapo mpando. Ankajambula ofuna zithunzi za ziphaso, akwati, matimu a mpira, ndi amisiri ofuna kuonetsa mageti ndi mabedi omwe apanga. Kamera yawo inali yaing'ono, yokwana m'thumba la jekete, ya mtundu uja woti ukayatsa diso lake limatuluka lokha, ukazimitsa n'kubwerera m'kati ngati mutu wa kamba.

Mantha awo anali ndi pochokera, tisawanamizire. Ali mnyamata anali ndi kamera ina, yoyamba, yomwe anabwereka alamu awo tsiku limodzi lokha. Alamuwo, pofuna kuonetsa ukhondo, anapukuta diso la kamerayo ndi mpango wa m'thumba wodzaza mchenga, n'kulisiya lili mizeremizere. Ntchito inaima nthawi yaitali, ndipo alamuwo anafika pomwalira asanakhululukidwe. Choncho atagula yachiwiriyi, a Musakhudze analumbira kuti diso lake silidzaona fumbi, chala, kapena mpweya wa munthu.

Pali galasi loyera lomwe ojambula amaika kutsogolo kwa diso la kamera, amati fyuluta. Ntchito yake ndi kufera diso. Fumbi, malovu a mwana, mchenga wa mphepo, zonse zimathera pa ilo, ndipo likakalika umangolipotokola n'kuikapo lina. Koma makamera aang'ono sakhala ndi popotera galasi lotere, ndiye pamafunika kamphete, adaputala, komwe kumbuyo kwake kuli selotepi yomata mbali zonse. Umamata kampheteko m'mphepete mwa diso, galasi n'kulipotera pamenepo. A Musakhudze anagula zonse ziwiri tsiku lomwe anagula kamera, n'kuzimata asanajambule chithunzi ngakhale chimodzi. Mpaka apa anachita zanzeru, ndipo palibe angawatsutse.

Zinasokonekera nyengo ina yotentha. Selotepi inafewa, ndipo akujambula timu ya mpira kamphete ndi galasi lake zinagwa n'kugubuduka mpaka pansi pa basi. Anazitola zili bwinobwino, koma diso la kamera linakhala pambalambanda ulendo wonse wobwerera kunyumba, iwo atalitchinga ndi chikhatho ngati lawi la kandulo. Atafika sanavule n'komwe nsapato. Anatenga supagulu, ndipo sanathire kadontho ayi, anathira mwa munthu wopsa mtima. Guluuyo anayenderera mpaka m'mizere yopotera galasi, ndipo kutacha kamera, mphete ndi galasi zinali thupi limodzi. Anaonetsa akazi awo monyadira, akugwedeza kamerayo.

"Taonani, mayi. Igwenso tione."

Sinagwenso. Zaka zinapita. Poti linali galasi chabe, osati diso lenileni, ankalipukuta ndi chilichonse chomwe chili pafupi: m'munsi mwa shati, tayi, nsalu ya buluu ija. Tsiku lina anayandikira kwambiri wowotcherera zitsulo akupala geti, ndipo moto wothetheka unasiya timaenje pagalasi ponse. Iwo anakondwera, n'kumauza aliyense kuti pakanapanda galasi bwenzi diso litapita. Zoona ndithu. Koma galasi lomwe lagwira ntchito yake limachotsedwa, ndipo ili linalibe pochokera.

Nkhungu inalowa m'zithunzi pang'onopang'ono. Pamthunzi zinkayesako, koma kuwala kukangobwera chakutsogolo, nkhope zinkasungunuka. A Musakhudze anakalipira wotsuka zithunzi kuti akusungunula inki ndi madzi. Anasamukira kwa wina, nayenso anamutukwana kuti mapepala ake ndi achinyengo. Ananena dzuwa, ananena mafuta omwe azimayi amadzola masiku ano, ananenanso mafoni kuti aononga maso a anthu moti sathanso kuzindikira chithunzi chabwino. Pa ukwati wa mwana wawo wamwamuna anajambula okha tsiku lonse, ndipo mkwatibwi anatuluka ngati mzukwa wovala velo. Mpongoziyo mpaka pano amawagwadira ndi kuwapatsa moni, koma nkhani ya zithunzi ikayambika amatuluka panja. Pakhonde paja makasitomala anayamba kudutsa atayang'ana kumbali.

Madzulo a tsiku la mkangano lija, dzuwa lisanalowe, akazi awo anawapeza kuseri kwa nyumba akupukuta kamera.

"Inu a Musakhudze," anatero. Ankawaitana choncho pokhapokha zinthu zikafika poipa. "Mukudziwa kuti chithunzi chomwe munamujambula mwanayu polowa sukuluyi anachikana ku ofesi? Anapita mwakabisira ku situdiyo, kulowera khomo lakumbuyo ngati wakuba, kuopa kuti anthu angakuuzeni. Mwana wa wojambula! Ine ndakhala chete zaka zonsezi, ndatopa. Mipando munaikuta mapulasitiki, tikukhalira mapulasitiki. Wailesi ili m'katoni. Zimenezo ndinapirira. Koma nkhope ya mwana wanga musaikute."

"Inu mumadziwa chiyani za makamera?"

"Palibe. Koma maso ndili nawo."

Mtsikanayo anali ataima pakhomo, ndipo anamva zonse. Bambo ake ankawakonda, ndipo n'chifukwa chake ukali wake unali wa misozi. Anadzakhala pa njerwa pafupi nawo.

"Ababa, ndimafuna mundijambule inuyo. Kuyambira ndili mwana ndimafuna choncho. Chotsani galasilo basi. Mukalichotsa, ndikawauza anzanga kuti dzina langa alifufute kwa wojambula uja. Koma mundiuze zoona, chifukwa tsikuli silidzabweranso."

A Musakhudze anatsonya, n'kunena kuti aganiza. Anaganizadi, akung'ung'udza, ndipo patapita masiku anapezeka ali kwa wokonza makamera.

Wokonzayo anali ndi kachipinda kopapatiza kuseri kwa msika, komwe ankakonzanso mawotchi ndi mafoni. Patebulo pake panali nyale yopindika khosi, timasikuluu m'zivundikiro za mabotolo, ndi mulu wa zinthu zomwe eni ake anaziiwala. Anatambasula dzanja. A Musakhudze anatambasula kamera, koma chingwe chake chinakhalabe m'khosi mwawo, moti bamboyo anaiyang'ana iwo atawerama ngati mbuzi yomangidwa.

"Anamata ndani?"

"Zili ndi ntchito?"

"Ayi, ndimangofuna ndidziwe woti ndimupepese." Anaitembenuza pansi pa nyale. "Zichoka, achikulire, koma osati mothamanga. Guluuyu amafuna kumufewetsa ndi mankhwala, kadontho lero, kadontho mawa, kenako kudula mpheteyi pang'onopang'ono. Musadzayese kupotokola. Zoyendetsa diso m'katimu ndi timano tapulasitiki, guluuyu ndi wolimba kuposa timeneto. Isiyeni, mudzaitenge kumapeto kwa sabata."

"Igone pano?"

"Nanga igona kuti?"

A Musakhudze anayang'ana mulu wa zinthu zoiwalika uja, nayang'ana zala za bamboyo zakuda ndi girisi, nayang'ananso fumbi lomwe linkavina pa kuwala kwa nyale. Anaona m'maganizo mwawo diso lija lili lamaliseche patebulo limeneli, munthu wina akulipumira. Anakoka kamera yawo.

"Kamera iyi sinagonepo kunja. Inu ndimakudziwani, mumachotsa zabwino n'kuikamo zakutha."

"Ndiye pitani nayoni, ikagone pakati pa inu ndi akazi anu," anatero wokonzayo, n'kubwerera ku wotchi yomwe ankakonza.

A Musakhudze anatuluka akulalata mpaka pamsewu. Atafika kunyumba mwana wawo anawachingamira ndi maso ofunsa, ndipo apa ndi pamene a Musakhudze anachita chinthu chopsetsa mtima kuposa zonse. Akanatha kunena kuti zakanika, mwanayo akanakhala ndi wojambula wake. Koma kunena choncho kunali kuvomera kukakhala pampando.

"Zatheka," anatero. "Galasi lichoka. Kawauze anzakowo."

Mtsikanayo anawakumbatira, chinthu chomwe anasiya kuchita kalekale, n'kuthamangira foni yake.

Masiku otsalawo ankati achotsa mawa. Ankaitulutsa kamera, kuyang'ana mpheteyo, kuikanda ndi chikhadabo, n'kuibwezera m'thumba. Mwana akafunsa ankayankha kuti galasi amachotsa tsiku lomwelo, kuopa fumbi. Akazi awo ankangowayang'ana ndwii.

Tsikulo linafika. Mtsikanayo analawirira kukavala gawuni ndi anzake. Akazi awo anali kuchipinda akusita diresi. A Musakhudze, atavala kale shati yoyera ndi tayi, anakhala pakhonde, anayala mpango pamaondo, n'kutulutsa pulayazi. Anayatsa kamera kuti diso lituluke. Anapana mphete ija n'kupotokola pang'ono. Sinasunthe. Anawonjezera mphamvu, pulayaziyo inaterereka n'kuwatema chala. Magazi atadontha pa mpango, ukali wonse wa masabata amenewo unakwera: ukali wa pa mwana, pa akazi awo, pa wokonza wamwano uja, pa alamu awo omwe ali kumanda. Anapana ndi manja onse awiri n'kupotokola ngati akutsegula mpopi wadzimbiri.

M'kati munalira kanthu, tswa! Mphete inachoka, galasi lili momwemo, pamodzi ndi m'mphepete monse mwa diso.

Anayang'anitsitsa. Diso lija linali pamenepo, loyera ngati madzi a m'kapu, lopanda kachitsotso ngakhale kamodzi, monga linachokera ku fakitale. Anali asanalione pambalambanda chiyambire tsiku lomwe anathira guluu lija. Koma linali litapendekeka, likuyang'ana chapansi. Anazimitsa. Kainjini kanalira, diso linanjenjemera, osabwerera m'kati. Anayatsa. Kanaliranso, pasikirini panabwera mawu ochenjeza, kenako mdima. Anachotsa batire, kulipukuta, kulibwezera. Anaigwedeza, anaipempha, anaitukwana. Zii.

"Bambo, tachedwa!" akazi awo anaitana.

Apanso mpata unalipo. Akananena pomwepo, akaziwo akanaimba foni, mwina wojambula uja akanapezeka. A Musakhudze anamanga chala ndi mpango, anakoleka kamera m'khosi, anaiphimba ndi jekete, n'kutseka chitseko.

Mu holo munali modzaza ndi motentha. Mayina ankaitanidwa, anthu akuimba m'manja ndi kukuwa. Wojambula wa anzake aja anali kutsogolo ndi kamera yake yaikulu, akuwerama ndi kudzuka, ndipo dzina la mwana wawo litatchulidwa anatsitsa kamerayo n'kumapukuta thukuta, poti ameneyu sanali wake. Mtsikanayo anakwera masitepe, analandira dipuloma, n'kutembenukira komwe kunali bambo ake, akumwetulira, kudikira. A Musakhudze anaimirira. Anakweza kamera yakufa ija kumaso, chikhatho chitaphimba diso lopendekekalo, n'kudina batani. Anadinanso kachiwiri. Mwanayo anagwedeza mutu mokondwa n'kutsika.

Akazi awo anawayang'ana m'mbali. Anayang'ana sikirini yakuda bii, anayang'ana mpango wamagazi. Anangosuntha pang'ono pa benchi kuti mapewa awo asagundane.

Panja, pa kapinga, mabanja anali piringupiringu, aliyense akukokera wake pomwe pali maluwa. Mtsikanayo anabwera akuthamanga, gawuni ikuuluka, chisoti atachigwira ndi dzanja.

"Ababa, tandionetsani cha pamasitepe chija! Chatuluka bwanji?"

"Tikaonera kunyumba. Panja pano sikirini sioneka."

"Muonetseni," anatero akazi awo.

Mtsikanayo sanadikire kuti amuonetse. Anakankha jekete ija n'kuona yekha diso lopendekeka, m'mphepete mothyoka, ndi zipsera za pulayazi. Anali namwino tsopano, chinthu chakufa ankachidziwa akachiona.

"Yafa liti?"

"M'mawa."

"M'mawa. Ndiye mu holo muja mumadina chiyani?"

A Musakhudze anayamba kufotokoza za guluu, za wokonza wamwano, za timano tapulasitiki tomwe amatipanga dala kuti tizithyoka, koma mwanayo anawadula.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi, ababa. Sindinati mugule kamera ina. Ndinati mundiuze zoona. Ine ndaima pamwamba paja ngati chitsiru, ndikumwetulira chitsulo chakufa, anthu onse akuona. Anzanga onse ali nacho chithunzi akulandira pepala lawo. Ine ndilibe, ndipo sindidzakhala nacho. Mwaliteteza diso lanulo, eti? Talionani. Lili bwino?"

Misozi anaikaniza. Anthu oyandikira anayamba kucheuka. A Musakhudze anamva manyazi omwe anali asanawamvepo, ndipo poti manyazi sankawadziwa, anatuluka ngati ukali.

"Usandikalipire pagulu, ndine bambo ako!"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinakukhulupirirani."

Anatembenuka n'kukodola mnzake wina wa m'kalasi, yemwe ankadutsa ndi foni m'manja.

"Asisi, tatijambulani. Kamodzi kokha, ndisanavule gawuniyi."

Anakoka mayi ake kumanja. Kenako anagwira mkono wa bambo ake, osati mwachikondi, n'kuwaimika kumanzere. A Musakhudze anafuna kuchoka, koma dzanjalo linali lolimba. Anaona kuti mtsikana wa foniyo waima molakwika, dzuwa lili kutsogolo kwake, foni ataipendeketsa, ndipo pakamwa pawo panatseguka pokha.

"Mwaima poipa inu. Sunthirani uko, dzuwa likhale kumbuyo kwa..."

"Ababa, khalani chete."

Pakamwa paja panatsekeka.

"Tamwetuliraniko, nanga ndi maliro?" anatero wa foniyo. Palibe anamwetulira. Anadikira pang'ono, anakweza mapewa, n'kudina.

Chithunzicho mwanayo anakatsukitsa chachikulu, n'kuchiika mu felemu, n'kuchipachika pabalaza asanapite komwe anamutumiza kukagwira ntchito. Chinatuluka ngwee. Mumaoneka ulusi uliwonse wa chisoti, maso ofiira a mtsikanayo, nsagwada za mayi ake zitalumana, ndi kadontho ka magazi pa shati yoyera ya bambo ake, pafupi ndi kamera yomwe ikuyang'ana pansi. Mlendo aliyense akachiona amayamba ndi kuyamikira, kenako amayang'anitsitsa nkhope zitatuzo n'kusintha nkhani.

A Musakhudze sanabwererenso pakhonde la sitolo ya nsapato. M'mawa uliwonse, akazi awo akatuluka, amaima patsogolo pa chithunzicho manja ali kumbuyo, kufunafuna cholakwika choti anyozere wojambulayo. Mpaka lero sanachipeze.